Ndinalira pa siteji anthu n'kuseka: kodi zisudzo ndizisiye?

"Zikomo akuluakulu. Ndine mtsikana wa zaka 22, ndimakhala ku Balaka, ndipo ndili m'gulu la zisudzo la achinyamata kwathu kuno. Kale ndinkangopatsidwa mbali zing'onozing'ono, koma ulendo uno anandipatsa yaikulu: mayi amene mwamuna wake wamwalira, abale a malemu n'kubwera kudzalanda katundu. Tsiku loonetsa m'holo munadzaza. Nditangolowa miyendo inayamba kunjenjemera, malovu anauma, mawu ena ndinaiwala. Nditafika polira, anthu anaseka m'malo momva chisoni. Akumbuyo ankakuwa kuti 'Sitikumva!' ndiye nanenso ndinayamba kukuwa, ndipo mpaka lero, patha sabata, mawu anga ndi osasa. Anzanga akuti luso la zisudzo n'chibadwa, ngati ulibe ndiye kuti ulibe. Mwezi wamawa tikukaonetsanso. Kodi ndingowauza kuti apeze wina?"

Achemwali, musawauze zimenezo. Mbaliyo ndi yanu, ndipo zonse mwafotokozazi zili ndi njira yake. Pa zaka zimene ndakhala ndikuphunzitsa achinyamata zisudzo, m'masukulu, m'matchalitchi ndi m'magulu a m'madera, dandaulo ngati lanuli ndalimva kwa anthu ambiri, ndipo ena mwa iwo ndi amene lero magulu awo amawadalira. Ngati zakupwetekani kuti anthu sanamve chisoni cha mayi wamasiye uja, ndiye kuti seweroli munalitenga ndi mtima wonse. Amene amandidetsa nkhawa ine ndi uja amatsika pa siteji akusangalala kuti anthu aseka, osadzifunsa kuti aseka chiyani.

Anzanuwo akunena zoona pang'ono chabe. Alipodi anthu obadwa ndi mawu amphamvu, kapena nkhope yoti akangotulukira anthu ayamba kale kumwetulira. Koma kupuma bwino, kuponya mawu kutali, kuloweza, kuima pamalo oyenera, kumvetsera mnzako, zonsezi zimaphunziridwa, ndipo ndi zimenezi zimene zinakuvutani. Komanso simunayambe ndinu. Ku Athens, m'dziko la Greece, mipikisano ya masewero inayamba cha m'ma 534 Yesu asanabadwe, pa chikondwerero cha mulungu wawo Dionysus. M'chaka cha 408 Yesu asanabadwe, mtengambali wina dzina lake Hegelochus, amene anapatsidwa mbali yaikulu m'sewero lachisoni la mlembi wotchuka Euripides, anaphonya katchulidwe ka liwu limodzi mpweya utamuthera. M'malo monena kuti akuona bata namondwe atatha, zinamveka ngati akuti akuona likongwe. Bwalo lonse linafa nalo phwete, ndipo alembi a masewero anthabwala, kuphatikizapo Aristophanes, anamunena nazo kwa zaka zingapo. Chaposachedwapa, Laurence Olivier wa ku England, amene ambiri amamuika pakati pa akatswiri oposa onse a nthawi yake, anagwidwa ndi mantha a pa siteji m'zaka za m'ma 1960, ali ndi zaka zoposa 50 komanso akutsogolera gulu lalikulu la zisudzo la National Theatre ku London. Zinafika poti anapempha anzake kuti asamamuyang'ane m'maso akamasewera. Sanasiye ntchito.

Tiyambe ndi mawu osasawo, chifukwa imeneyo ndi nkhani ya thupi ndipo sidikira. M'kholingo mwanu muli timinofu tiwiri timene timagundana mpweya ukamadutsa, n'kutulutsa mawu. Munthu akakuwa nthawi yaitali timinofuto timamenyana mwamphamvu mpaka kutupa, ndipo tikatupa sititsekana bwino. Kusasa kumachokera pamenepo. Nthawi zambiri kumatha kokha pa sabata imodzi kapena ziwiri, malinga mutawapumitsa mawuwo. Yankhulani pang'ono, ndi mawu anu a masiku onse koma motsitsa. Musanong'one, chifukwa kunong'ona kumatopetsanso timinofu tomweto, ngakhale ambiri amaganiza kuti ndiko kusamala. Ngati mumaimba kwaya, pemphani tchuthi. Imwani madzi pafupipafupi tsiku lonse, pewani utsi wa nkhuni, wa mbaula ndi wa fodya mmene mungathere, ndipo mukamva ngati pakhosi pali china chake, mezani malovu kapena mwani madzi m'malo mokhosomola mokakamiza. Kupuma nthunzi ya madzi otentha kumathandiza, bola musamale kuti musapse.

Za jinja, ndimu ndi uchi, zimene aliyense akuuzani, sindikuletsani. Zimafewetsa pakhosi ndithu. Koma dziwani kuti chimene mwameza chimapita kummero, sichifika pa timinofu ta mawu tija. Ngozi yake ndi yoti munthu akamva bwino pakhosi amayambanso kukuwa mkati musanapole, ndipo akamachita zimenezi kawirikawiri, pa timinofu paja pamamera tizotupa touma timene timasasitsa mawu kwa miyezi. Ndaona aphunzitsi, alaliki ndi oimba akuvutika nato.

Mawu akapanda kubwerera pakatha masabata atatu, pitani kuchipatala, musazengereze. Pitani msanga kuposa pamenepo ngati mukumva kuwawa pomeza, mukubanika, mwaona magazi m'makhololo, mwatulukira chotupa m'khosi, kapena muli ndi chifuwa chosatha chophatikiza kutuluka thukuta usiku ndi kuwonda, chifukwa TB nayo imatha kugwira kholingo. Yambirani pachipatala chapafupi, ndipo akaona kuti n'kofunika akutumizani kwa madokotala a makutu, mphuno ndi pakhosi, monga amene ali ku Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre.

Tsopano, n'chifukwa chiyani akumbuyo sankamva, ngakhale munakuwa mpaka kudzipweteka? Kukuwa ndi kumveka ndi zinthu ziwiri zosiyana. Bwalo la masewero la ku Epidaurus, limene Agiriki anamanga m'mbali mwa phiri zaka zoposa 2,300 zapitazo, limalowa anthu pafupifupi 14,000, ndipo lilipo mpaka lero. Kunalibe zokuzira mawu. Atengambali oyankhula m'sewero lachisoni ankakhala atatu okha, amuna okhaokha, atavala zigoba kumaso, aliyense akusinthasintha mbali zingapo, ndipo pa mpikisano wa ku Athens masewero ankatsatizana kuyambira m'mawa. Munthu wodalira kukuwa sakanafika masana. N'chifukwa chake mawu ankawasula ngati mmene wothamanga amasulira miyendo. Olemba mbiri akale amati Sophocles, mlembi wina wotchuka wa masewero ku Athens, anasiya kusewera m'masewero ake chifukwa mawu ake anali ochepa. Mamangidwe a bwalolo ankathandiza, inde, koma ntchito yaikulu inali ya mpweya ndi katchulidwe.

Mphamvu ya mawu imachokera pansi, m'mimba ndi m'nthiti, osati pakhosi. Zili ngati kusinja: wodziwa amachotsa mphamvu m'chiuno ndi kumsana, pamene wosinja ndi mikono yokha amatopa mphale isanayere. Mawu anu akachira, yambani motere. Gonani chagada pamphasa, ikani dzanja pamchombo, kokani mpweya pang'onopang'ono mpaka dzanja likwere mapewa osasuntha. Potulutsa, chitani "sss" motalika komanso mosadukiza. Kenako imirirani, chitani chimodzimodzi, ndipo m'malo mwa "sss" ng'ung'udzani "mmm" mpaka mumve milomo ndi mphuno zikunjenjemera. Mukamva kunjenjemerako, tsegulani pakamwa kuti "maaa". Mawu otuluka motero amapita kutali popanda kukanda pakhosi. Mphindi khumi tsiku lililonse n'zokwanira, koma likhaledi tsiku lililonse.

Chichewa chimatikomera pa siteji chifukwa pafupifupi phatikizo lililonse limathera ndi lembo la liwu, ndipo malembo a liwu ndi amene amanyamula mawu. Koma chili ndi msampha wake. Poyankhula timakoka phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto, lomaliza n'kulimeza. Pakhonde palibe vuto, koma m'holo wakumbuyo amamva theka la chiganizo. Zoloweretsani pakamwa panu kufikitsa liwu lomaliza mpaka kumapeto. Tengani mnzanu mupite naye pabwalo la mpira. Aime pafupi, munene mawu anu, abwerere m'mbuyo mapazi khumi, munenenso, ndipo azikweza dzanja paliponse pamene liwu lamuphonya. Lamulo ndi loti musakweze mawu kuposa mmene pakhosi pakumvera bwino. Chimene muziwonjezera ndi mpweya, kutsegula pakamwa ndi kudekha. Mudzadabwa kuona mtunda umene mungafike.

Maholo athu ambiri ndi a malata ndi simenti, ndipo mawu amabwerera n'kusakanikirana. M'malo otere kukuwa kumawonjezera chisokonezo, pamene kuchepetsa liwiro kumathandiza. Kumbukiraninso kuti holo yopanda anthu, imene mumayesereramo, imamveka mosiyana ndi yodzaza, chifukwa matupi ndi zovala zimamwa mawu. Musayankhule mutafulatira anthu, ndipo phokoso likabuka, dikirani litsike. Chiganizo chonenedwa pakati pa phokoso chatayika basi. Za maikolofoni imodzi yolandirana ija, ine ndimaikana pokhapokha ngati ndi panja pa chikhamu cha anthu. Imamanga manja, imapha liwiro la kukambirana, ndipo magetsi akazima gulu lonse limasowa pogwira.

Nkhani ya kusekayo ndiyo ndikufuna tikhalepo nthawi, chifukwa ndi imene yakulasani mtima. Choyamba dziwani kuti kuseka konse si kunyoza. Ambiri mwa anthu anali m'holomo amakudziwani. Akuona mwana wa a uje, amene dzulo anakumana naye pamjigo, atavala chitenje chakuda akulira mwamuna amene alibe. Kuseka kwina ndi kwa kudabwa kumeneko, ndipo kumatha kokha pakapita mphindi zochepa ngati inu simugwedezeka. Ena amaseka chifukwa nkhaniyo yawafika pafupi kwambiri. Kulanda katundu wa amasiye si nthano kwathu kuno, mpaka lamulo la chuma cha masiye la 2011 linachita kunena kuti ndi mlandu. M'holomo munali wina amene zinamuchitikira, mwinanso wina amene anachitira mnzake. Munthu akasowa pobisa nkhope, nthawi zina amathawira m'kuseka.

Chachiwiri ndi chizolowezi. Anthu ambiri akamva kuti kuli dirama amabwera atakonzeka kuseka, ndipo si mlandu wawo. Tinakula tikuseka ndi Izeki ndi Jakobo, malemu John Nyanga ndi malemu Eric Mabedi, ndipo luso lawo linali lenileni. Koma amene anaonera masewero a Kwathu Drama Group, kumene awiriwa ankaseweranso, akudziwa kuti gulu lomwelo linkatha kukuseketsani kenako n'kukukhazikani chete. Du Chisiza Jr., amene anayambitsa Wakhumbata Ensemble Theatre mu 1987, ndi Gertrude Kamkwatira, amene anasewera naye asanayambitse gulu lake la Wanna-Do, anaonetsa kuti Amalawi amalipira pakhomo kudzaonera nkhani zolemera. Choncho musalole wina akuuzeni kuti anthu athu amangofuna nthabwala. Amafuna kutsogoleredwa, ndipo ntchito imeneyo ndi ya gulu lonse. Funsani funso ili pa kuyeserera kwanu: pamene inu munkalira, amene ankasewera ngati alamu anu ankachita chiyani? Kawirikawiri ndimapeza kuti kumbuyo kwa wolirayo kuli mnyamata amene wanyamula mpando moseketsa, kapena akutong'olera anthu maso. Ngati ndi choncho, anthu sankaseka inu. Wotsogolera sewero ayenera kumuuza mnyamatayo kuti mlamu wolanda katundu modekha, ngati munthu amene akukhulupirira kuti ali pa chilungamo, amaopsa kuposa wochita zibwana.

Chachitatu ndi chimene chili m'manja mwanu. Atengambali ambiri atsopano akafika pa chisoni amaonetsa kulira. Amagwira kumutu, amadzigwetsa pansi, amabuma mmene anaonera kumaliro. Oonerera amazindikira msanga kuti munthuyu akuwapempha kuti amumvere chisoni, ndipo mtima wa munthu ukakakamizidwa umakana. Konstantin Stanislavski wa ku Russia, amene anayambitsa Moscow Art Theatre mu 1898 pamodzi ndi Vladimir Nemirovich-Danchenko, anathera moyo wake akulimbana ndi vuto limeneli. Chimene anapeza n'chakuti munthu sangadzilamule kumva chisoni, koma angathe kudzilamula kuchita chinthu. Choncho funso la mtengambali lisakhale lakuti ndikumva bwanji, koma lakuti ndikufuna chiyani kwa munthu ali patsogolo pangayu, ndipo ndichita chiyani kuti ndichipeze.

Tiyeni timuone mayi wanuyo. Iye sanadzuke m'mawa kuti lero ndikalire pamaso pa alamu anga. Akufuna kuti katundu asatuluke m'nyumba. Sankhani chinthu chimodzi chimene sangalole kuti chipite, mwachitsanzo makina osokera amene amalipirira ana fizi. Tsopano muli ndi ntchito yoti mugwire. Muyamba ndi ulemu, kugwada, kuwakumbutsa alamuwo kuti anawa ndi magazi awo. Zikakanika muyesa kuwachititsa manyazi pamaso pa anthu. Zikakanikanso muima pakhomo. Pomaliza mugwira makinawo ndi manja awiri osawasiya. Pa zonsezi mayiyu akuyesetsa kuti asalire, chifukwa akudziwa kuti akangolira wagonja. Kulimbana ndi misozi kumeneko ndi kumene kumaliza anthu. Mayi amene akunena motsitsa kuti, "Alamu, tengani mipando, tengani wailesi, koma awa okha ndisiyireni," mawu akunjenjemera koma maso ali gwa pa mlamuyo, amakhazika holo chete kuposa amene akugubuduzika pansi. Misozi ikabwera yokha, ibwere. Ikapanda kubwera, palibe chimene chasowa.

Onaninso kuti mukatero maso anu achoka pa oonerera n'kupita pa mnzanu. Ndikukhulupirira kuti mavuto anu atatu aja, mantha, kuiwala ndi kusekedwa, muzu wake ndi umodzi: tsiku lija maganizo anu onse anali pa funso lakuti anthuwa akundiona bwanji. Munthu amene watanganidwa ndi kuteteza makina osokera alibe mpata wodzifunsa zimenezo.

Thupi nalo liyankhule, chifukwa wakumbuyo nkhope yanu saiona bwino. Agiriki aja nkhope zawo zinali zobisika m'zigoba, ndipo chisoni chonse chinkaoneka pa kaimidwe, kayendedwe ndi mawu. Kuno kwathu tili ndi pophunzirira pafupi. Gule wamkulu, amene UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za chikhalidwe, inamulemekeza mu 2005, ndi mwambo, si sewero, ndipo sindikuwayerekeza. Koma amene anaona Chadzunda akulowa m'bwalo akudziwa kuti ukalamba ndi ulemerero wake zimadziwika ndi mayendedwe okha. Mukapeza mpata wopita ku Mua, m'boma la Dedza, kaoneni zigoba mazanamazana zimene zasungidwa ku KuNgoni. Kenako dzifunseni: mayi amene wagona pansi masiku a maliro, osadya bwino, amayenda bwanji? Amakhala pansi motani? Manja ake amawaika pati? Yang'anani amayi enieni mwaulemu, osati kuti mukawatsanzire monyoza, koma kuti thupi lanu lidziwe zoona zake.

Pali njira ina imene ena angakulangizeni, yoti muzikumbukira imfa ya m'bale wanu weniweni kuti misozi ibwere. Ndi yakale kwambiri. Mlembi wachiroma Aulus Gellius anasimba za mtengambali wachigiriki Polus, amene posewera mkazi wolira mlongo wake ananyamula mtsuko wa phulusa la mwana wake weniweni amene anali atamwalira. Stanislavski naye poyamba ankaphunzitsa kukumbukira zowawa zakale, ndipo Lee Strasberg, mphunzitsi wa zisudzo ku New York, anailimbikitsa kwambiri njira imeneyi. Koma Stella Adler, mtengambali ndi mphunzitsi wa ku America amene anakaphunzira kwa Stanislavski mwiniwake ku Paris mu 1934, anabwerako akunena kuti mkuluyo anali atasunthira pa zochita ndi kulingalira. Ine ndili mbali ya Adler, makamaka kwa achinyamata. Chilonda chenicheni ukachitokosa madzulo aliwonse, mwina chimachita dzanzi n'kusiya kugwira ntchito, kapena chimatseguka n'kukupweteka. Ndinaonapo mtsikana amene bambo ake anali atamwalira chaka chomwecho akulephera kuleka kulira sewero litatha kalekale. Ngati nkhani ya m'seweroli ikufanana ndi zimene zinachitika kwanu, muuzeni wotsogolera. Ndipo mukaona kuti mukatha kuyeserera simugona, mukulota zoopsa, kapena chisoni chikukutsatirani masiku angapo, yankhulani ndi munthu wamkulu amene mumamukhulupirira kapena mlangizi wa kuchipatala. Palibe sewero loyenera kulipiridwa ndi umoyo wanu.

Anthu akadzasekanso, ndipo mwina adzaseka, musamwetulire, musawayang'ane, musathamange. Khalani mwa mayiyo, maso pa alamu anu, dikirani. Kuseka kopanda woyankha kumazima msanga. Musawaone ngati adani oonerera oyankha mokweza. Ku Globe, nyumba ya masewero imene gulu la William Shakespeare linamanga ku London mu 1599, ankasewera masana dzuwa likuwala, anthu ambiri ataimirira kuzungulira siteji, akudya ndi kuyankha. Ifenso nthano yathu siyenda popanda "Tilitonse". A Chancellor College ku Zomba, pamene ankayenda ndi zisudzo m'midzi ya cha ku Liwonde m'zaka za m'ma 1980 pa nkhani za umoyo, ankachita kufuna kuti anthu alowerere. Mayi wina akadzakuwa kuchokera kumbuyo kuti "Musawapatse!", dziwani kuti sewero lagwira.

Kunjenjemera kwa miyendo ndi kuuma kwa malovu ndi ntchito ya thupi lomwe. Likaona maso ambiri limaganiza kuti pali ngozi, ndipo limatulutsa timadzi totchedwa adrenaline: mtima umathamanga, mpweya umakhala wapamwamba, magazi amathamangira ku minofu ikuluikulu. Sizidzatheratu, ndipo simukufunika kuti zitheretu, chifukwa mphamvu yomweyo ndi imene imapatsa sewero moyo. Chofunika ndi kuziweta. Musanalowe, yendani, dumphani pang'ono, gwedezani manja, kenako pumani mozama kangapo, kutulutsa mpweya kukhale kotalika kuposa kukoka. Idyani chakudya chopepuka maola awiri kapena atatu nthawi isanakwane, ndipo madzi akhale pafupi. Wina akakupatsani kachakumwa kuti kakuchotseni manyazi, kanani. Mowa umaumitsa pakhosi, umachedwetsa maganizo, ndipo ndawaona anyamata aluso amene anayamba ndi kapu imodzi ya kuseri kwa siteji n'kufika posatha kulowa popanda iyo. Ngati mantha otere amakugwiraninso kwina, monga pamsika kapena m'kalasi, mpaka kubanika kapena kuona ngati mukomoka, imeneyo ndi nkhani yokaonana ndi achipatala, ndipo chithandizo chilipo.

Za kuiwala, ambiri amaloweza mbali yawo yokha ngati ndakatulo, ali okha kuchipinda. Pa siteji mnzawo akasintha liwu limodzi, ulusi waduka. M'nthawi ya Shakespeare mtengambali sankapatsidwa sewero lonse. Ankalandira mawu ake okha, pamodzi ndi mawu ochepa omaliza a amene wayankhula iye asanayankhule, choncho kuti adziwe nthawi yake ankayenera kutchera khutu. Inunso lowezani mawu anu ngati mayankho. Pa chiganizo chilichonse dziwani chimene mlamu wanena kapena wachita chimene chakuchititsani kuyankha choncho. Lowezani mukuyenda, mukutsuka mbale, mukutunga madzi, mnzanu akukuponyerani mawu a enawo, mpaka zizituluka zokha manja ali pa ntchito ina. Mangirirani mawu ku zochita: awa ndimanena ndikugwada, awa ndikugwira chitseko. Thupi limakumbukira pamene mutu wasokonezeka. Chiganizo choyamba chenicheni chilowezeni kuposa zonse, chifukwa mphindi yoyamba ndiyo yoopsa.

Mukadzaiwalabe, musapepese, musaseke, musayang'ane kuseri kwa nsalu. Oonerera sadziwa mawu a seweroli. Pumani, yang'anani mnzanu, nenani m'mawu anuanu chimene mayiyo akufuna, ndipo njira idzapezeka. Magulu ambiri kwathu kuno amasewera popanda zolemba, amangogwirizana mutu ndi ndondomeko, monga ankachitira magulu a zisudzo zotchedwa commedia dell'arte ku Italy m'zaka za m'ma 1500. Luso limenelo ndi chuma, ligwiritseni ntchito. Pa kuyeserera, gwirizanani kuti tsiku lina wina aziiwala dala, ena aphunzire kumuwombola popanda oonerera kuzindikira.

Pitani kwa wotsogolera gulu lanu sabata ino, musadikire kuti akuitaneni. Muuzeni kuti mbaliyo mukuifuna, ndipo mupemphe zinthu zingapo: kuti masiku oyamba muziyeserera mayendedwe osakweza mawu kufikira pakhosi patapola, kuti chigawo cholanda katundu chikonzedwenso pamodzi ndi onse amene alimo, ndiponso kuti musanakaonetse muyeserere m'holo momwemo pamaso pa anthu khumi kapena khumi ndi asanu amene si a m'gulu, ena atakhala kumbuyo kwenikweni. Mantha amachepa thupi likazolowera maso a alendo pang'onopang'ono. Ngati wina ali ndi foni yojambula, ajambule ali kumbuyo kwa holo, muonere limodzi, ndipo poonerapo muziyang'ana ngati nkhani ikumveka, osati ngati mwaoneka bwino. Kukakhala mpikisano wa zisudzo wa masukulu, monga wa bungwe la aphunzitsi a Chingerezi la ATEM, kapena gulu lodziwika likafika m'dera lanu, kaonereni, ndipo mukhale kumbuyo kuti muone chimene chimafika kumeneko ndi chimene chimathera panjira.

Pali chinthu chimodzi chokha chimene chingandichititse kusintha yankho langa. Ikatsala sabata imodzi kuti mukaonetse koma mawu akadali osasa, kapena achipatala akakuuzani kuti muwapumitse, musakakamire. Mnzanu aigwire mbaliyo tsiku limenelo, inu muthandize kuseri, ndipo mugwirizane ndi wotsogolera pasadakhale kuti ulendo wotsatira mudzaitenganso. N'chifukwa chake ndi bwino kuti kuyambira lero pakhale mtsikana wina amene akuiphunzira limodzi nanu.